Moni wa Patali

Lamulungu madzulo banja la Ba Whyson linali pakhonde ku Kanyama, likusenda nsawa. Vera, mwana wawo woyamba, ankasenda atatsinzina.

"Dzulo unandipitirira pamsewu ngati chitsa," anatero Ba Whyson motsitsa mawu. "Ndinakweza dzanja, iwe osacheuka n'komwe. Kodi wilibala yanga yayamba kukuchititsa manyazi?"

Vera anatsegula maso. Anali ofiira ngati a munthu wosonkha moto wa nkhuni zaziwisi.

"Batate, sininakuoneni."

"Dzuwa lili pamutu?"

"Nikachoka pa kompyuta, vinthu vakutali vimaoneka monga vili mu nkhungu. Olo nkhope ya munthu siniiziba."

Ba Maud, mayi ake, analeka kusenda n'kumuyang'anitsitsa.

Vera ankataipira anthu zolemba zawo m'kashopu ka kumsika. Chaka chimenecho magetsi ankabwera mwa apo ndi apo. Akangoyaka, iye ankamatirira pa kompyuta osadzuka, osaphethira, kuopa kuti azimanso ntchito isanathe. Chitsekereni fakitale imene bambo ake ankagwirako, nyumba yonse inkadalira maso akewo.

"Unapita kukiliniki?" anafunsa mayi.

"Ninayenda. Banesi banakamba ati nizipumitsa menso, niziyang'anako kutali, niziphethira. Manje malaiti yakabwela, nthawi yopumula niipeza kuti?"

Ba Whyson anatembenuza khoko la nsawa m'dzanja.

"Ine ndimayesa n'kunyada," anatero. "Usiku wonse mtima unandiwawa pachabe." Anataya khokolo. "Mwana wanga, kwathu ku Katete, ngakhale mvula ikulendewera, wolima amaweramuka akafika kumapeto kwa mzere. Amayang'ana kuphiri, kenako n'kuweramanso. Kuthamanga sikufika. Tsamba lako lililonse likhale mzere."

M'mawa mwake Vera anakokera tebulo lake pafupi ndi khomo, n'kuchepetsa kuwala kwa kompyuta. Magetsi atabwera anayamba kutaipa. Tsamba likatha, ankachotsa manja n'kuponya maso kumapeto kwa msewu, ngakhale mayi wina wodikira ntchito yake ankang'ung'udza.

Chakumasana anaona chinthu chikubwera m'fumbi. Anaphethira, n'kudikira kuti nkhungu ichoke. Inali wilibala yodzaza matumba a makala, kumbuyo kwake chipewa chimene ankachidziwa.

Anaimirira pakhomo n'kupereka moni mofuula.

"Batate! Mwachoma bwanji?"

Ba Whyson anali akadali patali. Anatula wilibala pansi, anaweramuka, n'kukweza dzanja.