Mkazi Mmodzi wa Bambo Armindo

Miyezi makumi awiri ndi iwiri Elda Gwenzi anapondaponda mchenga wa ku Beira, malaya oyera, tayi pakhosi dzuwa likuswa mtengo, koma osabatiza munthu ndi mmodzi yemwe. Mnyamata wa ku Gweru ku Zimbabwe ameneyu anatumidwa ndi mpingo wake wa Amormoni kudzalalikira zaka ziwiri, ndipo inangotsala miyezi iwiri kuti abwerere kwawo chimanjamanja. Anthu a ku Munhava, dera lomwe ankalalikirako, sankamuthamangitsa ayi. Ankavomera zonse, mutu gwedegwede, koma Lamulungu osaoneka. Zinkamuwawa, tisaname.

Ndiye tsiku lina mayi wina wogulitsa makala, Mayi Felismina, anawaitana okha iye ndi mnzake Elda Tavares wa ku Cabo Verde, amene lamulo silinkalola kuti asiyane naye ngakhale popita kogula buledi.

"Ana inu mufera pamsewu! Bwerani pamthunzi. Mwati Elda ndiye kuti mkulu wa mpingo, ndevu zake zili kuti?"

Mayiwa analibe mwana, ndipo Gwenzi anamutenga ngati wawo. Ankamuphikira chigwada chotendera kokonati, iye n'kumawaphunzitsa. Tiyi mayiwo anasiya tsiku lomwe anamva kuti ndi woletsedwa mumpingomo. Kutchalitchi ankafika zitseko asanatsekule. Posakhalitsa anakoka amuna awo, Bambo Armindo, onyamula katundu kudoko, ndipo nawonso mawu anawagwira. Gwenzi ankayenda akuimba. Anthu awiri pakamodzi!

Pakhomopo pankabweranso mtsikana wina, Odete, wobereka mwana kumsana wina ali kumanja. Gwenzi ankangoti ndi mphwawo wa mayiwo. Safunsa anadya phula. Kutatsala sabata ziwiri kuti ubatizo uchitike, polemba mayina, Bambo Armindo anati, "Odete mumulembenso. Ndi mkazi wanga wamng'ono."

Cholembera chinaima. Munthu wamitala sabatizidwa, ngakhale akazi akewo. Pamafunika mkazi mmodzi ndi kalata yaukwati ya kuboma.

Panjira Tavares anati, "Aise, zisiye izi. Tiwauze kuti sizitheka, azingobwera kudzapemphera. Banja la eni si loseweretsa."

"Iwe wabatiza asanu ndi awiri, n'chifukwa ukulankhula motumbwa," anayankha Gwenzi. "Mayi aja asiyidwe kunja chifukwa cha mitala ya amuna awo? Ndikalankhula nawo bambowo."

Anakalankhula nawodi, pansi pa mtengo wa mango, mayiwo ali kumsika.

"Bambo, pawiri pawiri sipauzirika. Mupemphere, musankhe mmodzi, mukalembetse kuboma. Winayo muzimusamala, koma asakhalenso mkazi wanu."

Dzina sanatchule. Akanatchuliranji? M'mutu mwake zinali zoonekeratu: mkazi ndi woyamba, amene wakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amene anabweretsa mawu pakhomopo. Bambo Armindo anangoti, "Ndamva, Elda," n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

Lachinayi la sabata inayo anyamatawo anapeza Odete akusesa pabwalo ngati mwini khomo. Bambo Armindo anatuluka mano onse pamtunda, pepala lili m'manja.

"Ndachita monga munanenera! Mayina tapereka kuboma, ine ndi Odete. Ana anga ali mwa iyeyu, ndikanatani? Felismina akabwerere kwa abale ake, kuseri kwa Caia uko."

Gwenzi anafunsa, "Ali kuti mayi?"

"Kokwerera basi. Mukathamanga muwapeza."

Anathamanga, tayi ili pamsana, Tavares akumutsatira wefuwefu. Anawapeza atakhala pachikwama cha mizeremizere, pambali pali ndowa ndi mbaula. Zaka zonse zija, katundu wake n'kukhala ameneyo. Gwenzi anagwada mumchenga.

"Mayi, sindimatanthauza inu. Ndikawauza, asintha."

"Asintha chiyani? Anapemphera usiku wonse, akuti yankho analandira. Iwe ukatsutsa pemphero lomwe unawatuma wekha?" Sanakalipe. Bola akanakalipa. "Koma tandiuza, mwanangu. Pano ndilibe mwamuna, si wamitalanso ine. Kumudzi kwathuko mpingo wanu uliko, akandibatize?"

Gwenzi anayang'ana Tavares. Tavares anayang'ana pansi.

"Kulibe, mayi," anatero Gwenzi. "Sitinafikeko. Koma tsalani mpaka Loweruka, ndikubatizani ndi manja angawa."

"Ndigone kuti mpaka Lowerukalo? Pakhonde pa Odete? Ndilowe m'madzi amodzi ndi iwo, anthu akuombera m'manja?" Anapukusa mutu. "Ayi, mwanangu. Mtima umenewo ndilibe."

Kondakitala anayamba kumenya chitseko kuti akwere okwera. Gwenzi ananyamula mbaula ija n'kuipereka pamwamba, makala akudetsa malaya, misozi ili chuchuchu pamaso pa anthu onse. Mayi Felismina anakwera mwapang'onopang'ono, n'kusuzumira pazenera.

"Pukuta maso, ukuchititsa manyazi mnzakoyo. Iwe ukupita kwanu, amako akakulandira ndi nthungululu. Ine amayi ndi abambo anamwalira kalekale. Sindikudziwa amene akanditsekulire chitseko."