Kalata Yodzera ku Mpingo

Ku Msakambewa ndani ali ndi bokosi lakelake ku positi? Makalata amadzera ku bokosi la mpingo, ndipo Lamulungu mapemphero akatha, mlembi wa mpingo, a Danieli, amaitana maina ngati akugawa makuponi a feteleza. Keyala imeneyo ndi imene a Elifala Phiri analembetsa pomwe mwana wawo wamkazi Takondwa ankayamba sekondale yogonera konko ku mapiri a Ntchisi.

Ali Fomu 4, Takondwa anatulukira pakhomo pakati pa teremu, chikwama pamutu. Anamupeza ndi foni pansi pa matiresi, foni ya mnzake, ndipo anamuuza kuti akadikire kalata yoitana makolo. A Elifala anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadekhadi. Fodya anathyoledwa, anasokedwa, anauma m'chigafa, kalata osaoneka.

Chimene anaiwala n'chakuti chaka chatha anasamuka ndi banja lonse kupita ku mpingo watsopano wa m'tenti. Kalata inafika bwinobwino. A Danieli anaitana dzina kamodzi, anthu n'kuseka, kalatayo n'kukagona m'kabati ya mabuku a nyimbo. Omwe anamva dzinalo ndi omwewo amene a Elifala amakumana nawo pamaliro ndi pachigayo, koma panalibe amene anatsegula pakamwa. Nkhanza zina zimachitika ndi anthu ovala bwino.

Patatha masabata asanu ndi limodzi a Elifala anatopa, napalasa njinga mpaka kusukulu. Ahedi anawalandira mwaulemu, ulemu wozizira, n'kutulutsa kapepala ka ku positi kodindidwa.

"Lamulo likuti tilembe kalata, titumize pa keyala imene kholo linapereka. Tinatero. Munali ndi masiku khumi ndi anayi kuti mubwere kudzamva mlandu. Komiti inakhala, malo a mwana anatha."

"Koma achikulire, nambala yanga ya foni muli nayo."

"Foni si kalata, bambo."

Mtima unawawawa, koma akanakangana ndi chidindo? Pobwerera anadzera kwa a Danieli, omwe anapereka envelopuyo ili yomata, fumbi lili mbuu.

"Ife tinaitana, a Phiri. Kapena kutentiko kulibe bokosi?"

A Elifala analandira envelopuyo, nanyamuka osatsanzika.

Chingerezi sachidziwa, choncho atafika kunyumba anapatsa Takondwa yemweyo kuti awerenge. Mtsikanayo anakhala pakhonde, akumasulira mzere ndi mzere ngati za munthu wina. Kalatayo inanena tsiku ndi ola. Inati kholo libwere ndi mboni ngati ilipo; mboniyo inalipodi, poti mwini foni uja anali atalonjeza kale kuti adzaulula. Atafika pamzere womaliza anaima.

"Malizitsa, mwanawe."

"Akuti kholo likapanda kufika, ndiye kuti lavomereza mlandu." Anapinda kalatayo bwinobwino, n'kuwabwezera ndi manja awiri. "Ndiye kuti munavomera, ababa."