Phodo Limene a Fanuel Sanamalize

Sipoko ya njinga inaterereka pachikopa n'kumulasa Jasten pachala, koma iye anangoyamwa magaziwo n'kupitiriza kuboola. Linali tsiku lachitatu chiikire bambo ake m'manda, ndipo chiyambire m'mawa anali pakhonde, akusoka phodo limene malemuwo analisiya theka. A Fanuel anali atadula kale chikopa cha mbawala, atachifufuta mpaka kufewa, ataboolanso pomangira lamba. Kunangotsala kulumikiza m'mbali ndi kutseka kunsi kuti mivi isamagwe.

Mayi ake, Nambewe, anatuluka m'nyumba ndi lichero n'kuima. Maso awo anagwera pamivi itatu imene inayanikidwa padzuwa, nsonga zake zitadetsedwa ndi kombe, ululu uja umagwetsa njati.

"Kombe ameneyu ngwa nyama yanji?"

"Ya miyendo iwiri," anayankha Jasten osadzutsa mutu.

Nyamayo panalibe amene sankaidziwa kwa Maganga. Lachiwiri lapitalo a Fanuel, amene kwa zaka makumi atatu ankateteza chinangwa cha anthu ndi uta wawo, anang'ambidwa ntchafu ndi nguluwe yovulala. Anthu anawanyamula mpaka kumsewu n'kuwakweza lole ya usipa yochokera ku Senga Bay kuti iwafikitse kuchipatala. Pamlatho anapeza chingwe cha anyamata a chipani, ndipo wamkulu wawo anali Patson. Wopanda khadi la chipani sadutsa, anatero. Khadi la a Fanuel linali kunyumba m'Baibulo, nanga ndani amapita nalo khadi kutchire? Patson anawatsitsa. Nambewe anathamanga ngati mtsikana kukalitenga, koma pobwera anapeza amuna awo atafunditsidwa chitenje mpaka kumutu pansi pa mtengo wa mango.

Ndiye Patson yemweyo, nkhope ili gwa, anaima kumanda n'kumauza anthu kuti chipani chataya mzati. Patson amene bambo ake atamira panyanja anakulira pakhomo pomwepa, akudyera mbale imodzi ndi Jasten! Chifundo chinapha nkhwali, akuluakulu sananame.

"Mawa pometa abwera," anatero Jasten. "Pobwerera amadutsa yekha kudambo la mpunga. Ndikamudikira m'bango."

"Akakupachika, ine ndilira angati?"

"Ndiye mukufuna azingoyenda, amayi? Azitipatsa moni?"

"Ndikamuona mtima wanga umachita kuwira. Usandiphunzitse kudana naye iwe, amene unali ku Lilongwe. Ine ndinamugwadira pafumbi."

Jasten anakoka ulusi womaliza ndi mano, namanga lamba m'zibowo zimene anaboola bambo ake. Anaimirira, anakoleka lambalo paphewa kuti phodo ligwere m'chiuno cha kumanja, monga ankavalira malemu. Koma linakana. Kukamwa kwake kunaloza kumbuyo, ndipo muvi umene anayesera kuikamo unapendekeka n'kugwa pansi. Anamasula, anamanganso, koma zinali chimodzimodzi.

"Bambo maso anayamba kuwavuta. Aboola molakwika."

"Bambo ako sanalakwitsepo chikopa," anatero Nambewe, akutula lichero. "Talisinthira mbali inayo."

Litangofika kumanzere, phodo lija linakhazikika ngati lafika kwawo. Kukamwa kunaloza kutsogolo, ubweya wa mbawala unagonera kumbuyo kuti minga isamakole poyenda m'tchire. Koma kuti munthu asolole muvi pamenepo, anayenera kukhala wokoka uta ndi dzanja lamanzere. A Fanuel sanali amanzere, ngakhalenso Jasten. Mwa onse amene malemu anawaphunzitsa kulasa, wamanzere anali mmodzi yekha, amene aphunzitsi ankamukwapula dzanja kusukulu mpaka a Fanuel anapita kukawauza kuti amuleke mwanayo.

Jasten analivula ngati lamuotcha.

"Ankasokera galu uja?"

Nambewe anakhala pansi pang'onopang'ono. "Mwezi watha anandiuza kuti mnyamata uja sanaipe, wangosowa chogwira. Akuti akagwiranso uta, zovutitsa anthu pamsewu azisiya. Ine ndinayesa nkhani chabe."

Zimenezi zinamupweteka Jasten kuposa maliro enieniwo. Iye, mwana wobereka, anali atataya tsiku lonse akusokera mphatso munthu amene anapha bambo ake. Analitola phodo lija n'kulunjika kumoto wa kukhitchini.

"Bwera nalo kuno!" Mawu a mayi ake anamuimitsa. "Muvi wakowo umupweteka kamphindi, kenaka iye agona tulo, ife n'kutsala ndi chingwe m'khosi. Ine ndikufuna akhale ndi moyo wautali. Kapale kombeyo, umukwirire."

Jasten anawayang'ana. Nkhope imene anaiona sinali ya munthu wokhululuka, ndipo n'chifukwa chake anawamvera.

M'mawa mwake abale anameta, anthu a m'mudzi atadzaza pabwalo. Patson anabweradi, atavala malaya ake ofiira a chipani, ndipo anamupatsa mpando kutsogolo, poti masiku amenewo malaya otere sankakhala pansi. Amalume anagawa katundu wa malemu. Uta unapita kwa Jasten, jekete kwa mng'ono wa malemu wa ku Chitala, nkhwangwa inatsala pakhomo. Atati amalize, Nambewe anaimirira, mutu uli mbee, phodo lija lili m'manja.

"Patson, mwana wanga, taimirira."

Patson anayang'ana uku ndi uku, kenaka anaimirira.

"Bambo ako akusiyira ichi. Anachidula Lolemba, kuti Lachiwiri akabwera kutchire adzachisoke. Sanabwere. Mwina iwe ukudziwa chimene chinawachedwetsa."

Maso onse pabwalo anatembenukira kwa Patson.

"Amayi, ine ndinangotsata lamulo..."

"Sindinafunse za lamulo. Kweza mkono."

"Wamaliza kusoka ndine," anatero Jasten ali pamphasa. "Ulusi wake ngwolimba, suduka msanga. Uzilivala ukamaima pachingwe paja, kuti wodutsa aliyense azikufunsa amene anakupatsa."

Patson anakweza mkono ngati mwana womuveka malaya. Nambewe anamukoleka lamba lija, ndipo sipanafunike kulifupikitsa kapena kulitalikitsa. A Fanuel sanamuyese ndi luzi, ankangolidziwa thupi la mwana amene anamulera. Dzanja lamanzere la Patson linagwera lokha pakamwa pa phodo, pamene malemu anapindira chikopa kawiri kuti chisamamucheke zala.

Patson anangoima nalo chilili. Kulivula sakanatha anthu onsewo akuona, kukhala nalo pampando paja kunamukanikanso. Nambewe anamuwongolera lamba paphewa, anasasa kaudzu kamene kanakakamira paubweya, n'kubwerera kukakhala pamphasa pakati pa amayi anzawo.