Zimbale Makumi Anayi za Fumie

Lachiwiri ndi tsiku lotaya zinyalala zoyaka m'dera lathu, ndipo mwezi umenewo woyang'anira potayira ndinali ine. Galimoto itadutsa, panatsala thumba limodzi, atalimata pepala lofiira la anthu osasankha zinyalala. Akhwangwala anali atalibowola kale. Munali mitu ya nsomba, mpunga wosasa, ndi zimbale makumi anayi zatsopano, zonse zofanana: pachikuto pali anyamata oyimba a ku Korea, milomo yopaka, akumwetulira m'msuzi wovunda. Ndinakumbukira mana a m'chipululu amene anasungidwa mwadyera n'kuchita mphutsi.

Pathumbapo panali dzina la mng'ono wanga, Fumie, mayi wa imvi kale. M'kwaya yathu tatsala anayi, ndipo mawu apamwamba amayimba ndi iye yekha. Pasaka inali Lamulungu la sabata yomweyo.

Ndinakagogoda kwake thumba lili m'manja, likudontha.

"Achemwali, musakuwe," anatero. "M'chimbale chilichonse muli kapepala ka mwayi. Ukapambana, umakagwirana chanza ndi mmodzi wa anyamatawo."

"Nanga nyimbozo?"

"Ndani amamvera pachimbale masiku ano? Zili m'foni." Anaseka. "Ndapambanatu! Lamulungu, kumzinda wa Fukuoka."

"Lamulungu liti? Iwe Fumie, Ambuye akuuka kwa akufa, iwe uli pamzera wa chanza?"

"Amauka chaka chilichonse, achemwali. Awa akubwera kamodzi."

"Zimenezi n'chimfine, zitha," ndinatero.

"Munateronso zaka makumi awiri zapitazo. Pano ana akuphunzira Chikoreya okha, osakakamizidwa. Chaka chamawa mudzawamva ngakhale kwa dokotala wa mano. Ife kutchalitchi tatsala angati?"

Ndinabwerera nalo thumbalo. Ndinatsuka zimbalezo chimodzichimodzi, pulasitiki payokha, mapepala pawokha, ndikumupempherera ndi mano olumana. Fumie ndinamulera ndine amayi atamwalira; nyimbo yake yoyamba ndinamuphunzitsa ndikumusambitsa.

Pa Pasaka tinaima atatu. Ndinayang'ana kukhomo mpaka limba linayamba. Pofika pamene mawu amakwera, panangoti zii. Bambo Shimoda, amene amayimba mawu apansi, anayesa kukwera, mawu n'kuthyoka ngati a tambala wamng'ono. Mbusa anawerama.

Masana ndinamangirira zimbalezo kumpanda wa tchalitchi kuti ziziopseza akhwangwala. Ndili pomwepo foni inalira; anali Fumie.

"Achemwali! Anandigwira dzanja, anandiyang'ana m'maso! Sindinasambe m'manja mpaka pano."

"Wadya ndi manja omwewo?"

"Ee!"

Ndinatseka maso. "Lachinayi tikuphunzira nyimbo za Pentekoste. Usambe m'manja, ubwere. Malo ako alipo."



"Lachinayi," anatero Fumie, "chimbale china chikutuluka."