Kansalu ka a Magdalena

A Venansio anali kale pamwamba pa makwerero, kansalu konyowa kali m'manja, dzuwa likungosuzumira kuseri kwa phiri la Ndirande. Mawondo ankadandaula, koma eni ake sankawamvera. Sola yakale ya padenga pawo ku Chilomoni inkapukutidwa m'mawa uliwonse chiigulireni malemu akazi awo, a Magdalena. Nyali ya solayo ndi imene mwana wawo Mirriam anawerengera mpaka kukafika kuyunivesite. Mayi atamwalira, kansaluko kanatsalira bambo.

Pambali pa solayo panali timagalasi tisanu ndi kamodzi, takuda bii, tating'ono ngati mabisiketi. Mirriam anati ndi sola yamtundu watsopano, dzina lake perovskite, yokoka bwino mphamvu ya dzuwa koma yosachedwa kufa. Kalikonse anakamata m'mbali mwake mosiyana ndi tinzake, ndipo kafukufuku wake wa zaka ziwiri ankadikira kuona ngati tipirire kutentha kwa malata mu Okutobala. Anawachenjeza kuti asatikhudze. Koma kwa a Venansio kupukuta si kukhudza. Fumbi likute zinthu za mwana, iwo n'kumangoyang'ana? Anakhala akutipukuta masabata atatu.

M'mawa umenewo anapeza tisanu tasanduka tachikasu ngati mango akupsa.

Mirriam atabwera Loweruka anakwera padenga n'kuyang'anitsitsa timagalasito kamodzikamodzi. Bambo ake anagwira makwerero pansi, maso ali kumapazi. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma iwo anaulula okha.

"Ndi madzi, Ababa?"

"Kansalu konyowa basi. Monga ankachitira amayi ako."

Mirriam anawafotokozera kuti chinyezi ndiye mdani wa timagalasito: chikangolowa, kakuda kamasanduka kachikasu, ntchito n'kuthera pomwepo. A Venansio anamva chisoni chachikulu. Anakumbukira a Magdalena akuwaseka kuti chikondi chawo chinkawoletsa ndi maluwa omwe chifukwa chothirira mopitirira. Anawasowa kwambiri.

Pamwamba paja Mirriam analumikiza timawaya ta choyezera ku kagalasi kotsala kaja. Anayeza, n'kuyezanso.

"Aka kakuda nako munkakapukuta?"

"Tonse. Ine sindisankha ana."

Mirriam anaseka mpaka malata anagwedezeka. Anati kameneko ndi kamene sankakadalira n'komwe, koma kankatulutsa mphamvu pafupifupi ngati tsiku loyamba. Kulabotale ya kuyunivesite Mirriam anakhala miyezi akudikira makina oyesera chinyezi, osadziwa kuti makinawo amakwera makwerero ku Chilomoni.

"Tisanuti mwandiphera, ndipo ndikukukwiyiranibe," anatero potsika. "Koma aka muzikapukuta tsiku lililonse. Kakapirira kansalu ka amayi, kapirira dzinja."

Lamlungu, asanapite kutchalitchi, a Venansio ananyowetsa kansalu kaja n'kukwera. Anayamba ndi sola ya a Magdalena, monga mwa masiku onse, kenako ka Mirriam.