Mpanda wa Gwilym

Gwilym Prosser anali akukhomera nsichi m'mbali mwa njira pomwe Mair Bevan, mayi wamasiye wa kutsidya kwa mtsinje, anatsegula kageti n'kulowa m'busa ndi galu wake, Mot.

Njirayo inali ya aliyense. Inkadula pakati pa famu ya Gwilym kuchokera ku tchalitchi kukafika kuphiri, ndipo lamulo silinkamulola kuitseka. Chaka chimenecho anaganiza zoitchinga ndi waya uku ndi uku, koma anali atangofika theka.

"A Gwilym, mwatiyesa nkhosa kodi?" anatero Mair, akuyeza mpatawo ndi manja. "Muno ndi modutsa munthu kapena khoswe?"

"Udzu ndi wanga, mayi. Inu mumangofuna popondapo."

"Agogo anu omwe sanaitchinge njirayi."

"Nthawi ya agogo kunalibe agalu a m'tauni othamangitsa ziweto. Lero bwererani. Kumtundako kuli ng'ombe zoyamwitsa, ndipo waya sanafikeko."

"Mot ali pachingwe. Ndayenda muno inu musanamere ndevu."

"Tsoka silinunkha, a Mair."

Mair anapitirira mpaka pomwe nsichi zinathera, n'kulowa poyera.

Gwilym anamva kulira kwa ng'ombe imodzi, kulira kokhuthala kochokera m'mimba. Atadzutsa mutu anaona zonse zasiya kudya. Zinayamba kuyenda pang'onopang'ono, mitu pansi, mathole ali pambuyo. Kenaka zinathamanga.

Anataya hamala n'kuliyatsa liwiro, mabuti akumira m'matope.

"Tayani chingwe!" anakuwa. "Musiyeni galuyo!"

Mair anamukokera Mot kumiyendo kwake. "Zimupha!"

"Zikufuna iyeyo, osati inu! Tayani!"

"Ndi wa Idris uyu!"

Idris anali malemu mwamuna wake, ndipo galuyo ndiye anatsala naye m'nyumba. Ng'ombe zinali zitamuzungulira kale, zikupalasa pansi, mpweya uli phuu m'mphuno. Mot ankauwa, nazo zinkasendera. Yaikulu yofiira inatsitsa mutu.

"Mair! Mufa nonse awiri!"

Apo ndi pomwe anatambasula dzanja. Mot anadutsa m'miyendo mwa ng'ombe ngati mphezi, gulu lonse n'kutembenukira komweko. Pokhota, yofiira ija inamugunda Mair ndi nthiti, iye n'kugwera pamwala.

Gwilym anafika akukupiza jekete ndi kukalipa. Anamudzutsa. Nkhope ya Mair inali itayera, ndipo dzanja lake lamanzere linali litakhota pomwe silikhota.

"Ali kuti?" linali funso lake loyamba.

"Uyo wakwawira kunsi kwa geti. Akukudikirani kumsewu. Iye ndiye wanzeru pa tonsefe."

Popita kuchipatala, Mair anakhala m'galimoto ya Gwilym, dzanja lili pachifuwa, galu atagona kumapazi ake. Gwilym ankayendetsa, maso ali pamsewu.

"Nenanitu," anatero Mair. "Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu."

"Sindinena. Ndikanazisamutsa ng'ombezo ndisanayambe ntchito."

Anadutsa mlatho.

"Mumalize mpandawo," anatero Mair pambuyo pake, akuyang'ana kunja. "Koma mukaupanikiza choncho, anthu azidumphira m'busa momwemo. Ndikuwadziwa. Inenso ndikanadumpha."

Gwilym anangoti hmm.

Kutacha anakwezera ng'ombe kubusa la kuphiri. Kenaka anatsikira kunjira ndi chitsulo, nayamba kuzula nsichi zonse zimene anakhomera sabata ija, akuzisunthira m'kati mwa udzu wake.