Tsiku Limene Basi Inamusiya Lefina ku Addis Ababa

Lefina Mphepo anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku Kaomba zaka khumi ndi zisanu, ndipo kutali kumene anafikako moyo wake wonse kunali ku Blantyre, kumaliro. Kwa zaka zitatu ankathandiza a Dokotala Tsoka, mphunzitsi wa kukoleji ya zaulimi, pa kafukufuku wa kaufiti, kaudzu ka maluwa ofiira kamene kamayamwa mizu ya chimanga. Ndiye ankapalasa njinga m'minda, kuwerenga kaufiti mzere ndi mzere, ndi kunyengerera alimi kuti chaka china adzale soya kapena mtedza pamene panali chimanga. Zotsatira zawo zitavomerezedwa kumsonkhano wa akatswiri ku Ethiopia, a Dokotala anati, "Amene mukuidziwa minda imeneyi ndinu. Tipita tonse, ndipo mukalankhula ndinu."

Ananyamuka mu Okutobala wa 2012, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya ndi kulondola mayina awo a makuponi a feteleza. Mwamuna wake Lucious anamuperekeza mpaka padepoti pa Kasungu.

"Mayi a Chiyamiko, mukayang'anitsitse chilichonse," anatero. "Ine ndidzafunsa."

Chimene chinamulandira potsika ndege ku Addis Ababa chinali chisanu, cha mu Juni chenicheni. Pokwera masitepe a hotela mpweya unkamuperewera, a Dokotala n'kumuuza kuti mzindawo uli pamwamba kwambiri. Koma Lefina sanafune kupuma. Anakakamira pawindo. Mapiri onse ozungulira anali bulugamu yekhayekha, yemweyu wochizira fodya kwawo. Nyumba zosanja zinkamangidwa paliponse, amisiri atakwera pa milimo ya bulugamu yomangidwa ndi zingwe mpaka nsanjika yachisanu ndi chitatu. Abulu osenza nkhuni ankadutsa pakati pa magalimoto mopanda mantha. Zilembo za pamasitolo sanathe kuwerengapo ngakhale chimodzi.

Podyera anaona kalendala yolembedwa 2005, n'kuuza mtsikana woperekera zakudya kuti aiwala kuichotsa. Mtsikanayo anaseka, nati kwawoko amawerenga zaka mwa njira yawoyawo, ndipo chaka chinalidi 2005. Lefina anaimbira mwamuna wake nthawi yomweyo.

"Bambo a Chiyamiko! Kuno ndachepa ndi zaka zisanu ndi ziwiri!"

"Mwadya chiyani?"

"Chinthu chonga chitumbuwa chachikulu chopyapyala, chowawasa ngati thobwa logona. Amachita kuyala m'mbale, ndiwo pamwamba. Ndamaliza chonse!"

Msonkhano unali m'chipinda chachikulu kuposa tchalitchi cha kwawo. Munali anthu a ku Kenya, ku Nigeria, ku India, ena atavala timahedifoni tomvera womasulira. Mayi wina wa ku Sudan anaonetsa pakhoma chithunzi cha njere ya kaufiti, kanjere kaja kochepa ngati fumbi, itakulitsidwa n'kufanana ndi dzungu, ikutulutsa muzu kulunjika kuchimanga. Lefina anaomba m'manja yekha pakati pa nkhani. Anthu anacheuka, mayi uja anamwetulira, iye osachita manyazi n'komwe. Zaka zonsezi ankalimbana ndi chinthu chimenechi asanachione nkhope.

Tsiku lachitatu linali lokaona minda ya kafukufuku kunja kwa mzinda. Lefina anafunsa Hirut, mtsikana wophunzira payunivesite amene ankathandiza kuyendetsa msonkhanowo, nthawi yonyamukira. Hirut, manja ali odzaza mapepala, anayankha mothamanga kuti wani koloko.

M'mawa mwake Lefina anadzuka mbandakucha, nati m'mawa wonsewu ndi wake. Anatuluka yekha. Anaona amayi ovala nsalu zoyera mbee akupsompsona chipata cha tchalitchi. Anakhala pakampando m'mbali mwa msewu n'kumwa khofi wowawa m'kakapu kochepa ngati chigoba cha dzira. Anatsatira gulu la nkhosa mpaka pamsika, n'kuima nthawi yaitali pa milu ya tsabola wofiira mpaka kuyetsemula. Atabwerera cha m'ma teni koloko, anapeza pahotela pali zii.

Kuseri anapeza Hirut akulongedza nkhomaliro ya alendo m'galimoto ya pikapu. Mtsikanayo atamuona anagwira mutu.

"Mayi Lefina! Mabasi anapita kalekale. A Dokotala anu amayesa muli m'basi yachiwiri."

"Koma munati wani koloko."

Hirut anatseka pakamwa ndi dzanja. Anafotokoza kuti kwawoko maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, moti wani koloko yawo ndi seveni koloko yathu. "Ndakulakwirani. Kwerani, tipitire limodzi ndi chakudyachi."

Lefina anakwera kutsogolo akuseka mpaka misozi. Chaka chawochawo, nthawinso yawoyawo!

Msewu unatsetsereka maola awiri, chisanu chinatha, kunayamba kutentha ngati ku Kasungu. Hirut anapempha dalaivala kuti apatuke pang'ono akasiye mankhwala a maso kwa azakhali ake, Mayi Zewditu. Galimoto isanaime bwinobwino Lefina anali atatsegula kale chitseko. M'munda wa mapira pafupi ndi nyumba munali maluwa apinki, ataliatali ofika m'mawondo, okongola ngati odzala dala. Anagwada, nakumba ndi kamtengo, napeza muzu wake utakakamira muzu wa mapira.

Mayi Zewditu, wokalamba, wochepa thupi, anatulukira kumbuyo kwake. Analoza duwalo n'kulavula malovu pansi.

"Akenchira!"

"Kaufiti!" anayankha Lefina, nayenso n'kulavula.

Anayang'anana, kenaka onse anaphulika kuseka. Mayi Zewditu anamugwira dzanja n'kumukokera mkati mwa munda, Hirut akuthamanga pambuyo kumasulira. Anamuonetsa dzenje limene amatenthera kaufiti asanabale njere, ndi chigawo chimene anathirako ndowe n'kudzala khobwe pakati pa mapira. Kumeneko maluwa aja anali owerengeka. Lefina anafotokoza za soya, ndi za pepala limene boma limapereka kuti mlimi agule matumba awiri a feteleza motsika mtengo.

"Ndiye kwanuko akenchira anatha?" anafunsa mayiyo.

"Alipo, amayi. Pepalalo silifika kwa aliyense, ndipo nthaka ikatopa matumba awiri saidzutsa."

Mayi Zewditu anagwedeza mutu ngati akumva za munthu amene amamudziwa. Kenaka anakana kwamtuwagalu kuti alendo achoke osamwa khofi. Anakazinga njere iwo akuona, nasinja, nawiritsa. Lefina atamaliza kapu yoyamba anaimirira, koma Hirut anamukoka chitenje: makapu ndi atatu, kuchoka pa yoyamba n'chipongwe. Nkhomaliro inafika kuminda ya kafukufuku mochedwa ndi ola lathunthu, mapulofesa atakhala pansi pa mtengo, njala itawakhwefula. A Dokotala Tsoka anabwera mothamanga, nkhope ili gwaa, koma ataona matope m'mawondo a Lefina anangofunsa kuti, "Mwaona chiyani?"

Mawa lake inali nthawi yake yolankhula. Anaimirira kutsogolo, pepala lili m'manja. Analiika pansi n'kuyamba ndi za Mayi Zewditu ndi dzenje lawo, kenaka anaonetsa zithunzi za munda wa Mayi Fainala, wapampando wa kalabu ya alimi ku Kaomba: chaka choyamba wofiira ndi kaufiti, chaka chachitatu chimanga chobisa munthu. Chingerezi chinabwera chokha. Mphindi zake khumi ndi zisanu zitatha manja anali m'mwamba mbali zonse. Bambo wina wa ku Nigeria anafunsa kuti amaphunzitsa payunivesite iti.

"Pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa shedi ya fodya," anatero Lefina, chipinda chonse n'kuombera m'manja.

Anafika kwawo mvula yoyamba itagwa. Lucious anafunsadi, masiku atatu osalekeza. Pamsonkhano wa kalabu, alimi anapatsirana foni yake kuona maluwa apinki aja, ena osakhulupirira kuti kaufiti angatalike choncho. Mayi Fainala anayang'anitsitsa chithunzi cha Mayi Zewditu nthawi yaitali.

"Alangizi, nanga anzangawa ali ndi ana angati?"

Lefina anazindikira kuti sanafunse. Madzulo ake anapalasa njinga kupita pamene netiweki imagwira bwino n'kulembera Hirut. Yankho linabwera patatha sabata: ana asanu ndi mmodzi, zidzukulu khumi ndi zinayi, maso akupezako bwino, ndipo azakhali akufunsa kuti soyayo amadzala motalikana bwanji.